Chiwongolero Chokokera ku Kabwata

Ndinalakwa, ndipo ndiyambe n'kunena ndekha wina asanandinenere. Galimoto ija ndinayendetsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, imene ena a inu munakweramo popita ku maukwati ndi ku maliro n'kumanditama kuti a Lameki Zulu amadziwa kusunga chitsulo, sinali yanga. Ndinachita kulanda kwa mkazi wamasiye wa mkulu wanga. Chimenecho ndavomera. Koma zina zonse zimene ndinene za galimoto imeneyo n'zoona zokhazokha, ndipo inu a pabenchi ya kotsukira magalimoto ku Chelstone, inu amene mumatsinzinirana ndikangoti nditsegule pakamwa, amene akukayika akwere basi apite ku Kabwata akaione ndi maso ake. Akaipeza itaima pansi pa mtengo wa kotapela, yoyera ngati dzino la mwana, ili ndi chilembo chofiira cha wophunzira kuyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo. Za chilembocho mudzimvera nokha kumapeto. Mukumva?

Anagula galimotoyo ndi mkulu wanga Yotamu, kwa mlimi wina wachizungu amene ankabwerera kwawo. Inali ya zija zakale zokoka ndi mawilo onse anayi, zoti ukafika pamatope umayamba watsika n'kukhoma mawilo akutsogolo ndi dzanja, kenako n'kulowetsa kagiya kakang'ono kaja, osati zamasiku ano zongodina batani ngati wailesi. Mkazi wa Yotamu ndi bana Mwila, ndiye kuti amake a Mwila, Mubemba wa ku Luapula, wa malonda a nsomba zouma. Mwezi uliwonse ankanyamuka awiriwo, Yotamu pachiwongolero, mkazi pambali ndi fulasiki ya tiyi pamiyendo, kukatenga nsomba kumpoto kudzagulitsa ku msika wa mu tauni. Dzina la galimotoyo anatcha ndi mlamu wangayo. Anati, "Iyi ni Mbewa. Ilowa mu mugodi uliwonse, na ba kummawa baikonda maningi." Paja ife a kummawa ndi Abemba n'chimbuya, kutukwanana ndiye moni wathu. Ine kwa iye ndinali Kadyambewa. Ndikangogwira geti lawo ku Kabwata, mawu ali kale panja: "Bisani bakhoswe, Kadyambewa wabwela!" Ine n'kubweza kuti ndatsatira fungo la nyani amene ali pamoto, poti timati kwawo nyani ndi ndiwo. Tinkaseka mpaka Yotamu kutiopseza kuti atitulutsa tonse awiri.

Yotamu anadwala miyezi itatu. Kutatsala tsiku limodzi kuti atisiye, m'chipatala munali ine ndekha, mlamu atapita kunyumba kukachapa zofunda. Anandigwira dzanja n'kundiuza mawu okhudza Mbewa. Mawu amenewo ndinawameza. Titaika maliro, m'mawa muja akuluakulu amakhala pansi kugawa zovala za malemu, ine ndinaimirira ndi nkhope yachisoni n'kunena kuti malemu anandiuza kuti Mbewa ndi yanga. Ndani angatsutse mawu a munthu wakufa? Mlamu anali pamkeka ndi duku lakuda, ndipo wamasiye salankhula pabwalo lotero. Anangondiyang'ana kamodzi. Ndinachotsa kiyi pa msomali wa kuseri kwa chitseko n'kupita nayo galimoto ku Chelstone, buku loyera la umwini lili m'kabokosi ka kutsogolo. Pambuyo pake khoti laling'ono linalemba mlamuyo kukhala woyang'anira zonse za malemu, nyumba n'kutsala m'manja mwake, ndipo akanafuna akananditumizira apolisi. Sanatero. Nsomba anayamba kukweza pa basi, kenako ulendo wa kumpoto unatheratu, n'kutsala katebulo ka pamsika. Koma chilango anandipatsa. Kuyambira tsiku limenelo, tikakumana pa maliro a abale, ankapinda bondo n'kuti, "Muli bwanji, ba Zulu." Basi. Za Kadyambewa zinathera pomwepo. Anzanga, munthu amene ankakutukwana mwachikondi akayamba kukulemekeza, bola akumenye ndi mpini wa khasu.

Tsono kusunga ndinaisunga, ndipo pamenepa palibe angandipose mu Lusaka monse, kuyambira ku Avondale mpaka kotulukira ku Kafue. Ndinkaitsuka m'mawa uliwonse ndisanasambe ine mwini, ndinkaipukuta ndi thaulo limene mkazi wanga anagulira alendo, oilo ndinkasintha akadali woyera woti n'kukazingira mazira, mapulasitiki a pamipando sindinachotsepo, wokwera aliyense ndinkamutsekera chitseko ndekha kuopa kuti achimenyetsa, ndipo inkanyezimira mwakuti ntchentche ikati itere pa boneti inkaterereka n'kuthyoka mwendo, moti ana a pafupi nafe ankatola ntchentche zopunduka m'mawa uliwonse kukadyetsa nkhuku. Makaniki wina wa ku Kaunda Square atatsegula injini anavula chipewa, n'kupempha kuti adyeremo chakudya chake cha masana poti mbale za kwawo sizinali zoyera chotero. Mukumva?

Nanga mphamvu zake! Chaka china mvula inagwa masiku anayi osapuma, ku Kamwala madzi anafika m'makhonde a mashopu, maminibasi akuyandama ngati mabeseni, makondakitala atakwera pamwamba akuitanirabe anthu poti pakamwa pawo sipadziwa kupuma, ine ndinafika ndi Mbewa, ndinavula jekete, ndinamira pansi pa madzi kukakhoma mawilo akutsogolo, ndinatuluka ndi chule m'thumba la malaya, ndinapempha mipukutu ya zitenje kwa eni mashopu a nsalu, ndinamanga minibasi yoyamba, yoyambayo kumanga yachiwiri, mpaka zisanu ndi ziwiri, kumapeto kwake ngolo ya munthu wa makala ndi mayi wina amene anakana kusiya tebulo lake la tomato, ndinalowetsa kagiya kakang'ono, Mbewa inangotsokomola kamodzi n'kukoka mndandanda wonsewo mpaka pamtunda, tomato osagwa ngakhale mmodzi, ndipo titatsegula boneti tinapeza milamba inayi itapsa bwinobwino pa injini, yongofuna mchere. Tinadya pomwepo. Makondakitala aja alipo, kafunseni.

Ulendo wina tinkapita kwathu ku Katete kukaika amalume, bokosi lili pamwamba, amayi a kwaya makumi awiri ndi atatu ali mkati, aliyense ndi chidebe chake, tinatsika mapiri a Manenekela akuimba, tifike pa Luangwa tinapeza lole itagona chopingasa pamlatho, anthu akuti mpaka mawa, ine ndinati maliro sadikira lole, ndinauza amayi aja kuti atseke mawindo apitirize nyimbo, ndinalowa mumtsinje, madzi anatikwirira mpaka kunja kunangotsala bokosi la amalume likuyenda pamwamba pa madzi, asodzi kutsidya n'kuthawa kusiya maukonde, pansipo mvuu yaimuna inationa n'kuyesa Mbewa ndi mkazi, inatitsatira ikukankha ndi mphuno kumbuyo mwakuti sindinapondenso mafuta, ng'ona nayo inaluma tayala lakumanzere mano ake n'kutsalira momwemo, ndipo tayala limenelo ndi mano ake linagwira msewu zaka zisanu ndi chimodzi osaterereka ngakhale pa dongo. Pobwerera dizilo anatithera pa Nyimba, ndinagula mafuta okazingira kwa mayi wa vitumbuwa n'kuthira m'thanki, galimoto inayenda ikutulutsa fungo la vitumbuwa, agalu a midzi yonse ya m'mbali mwa msewu anatilondola mpaka ku Chongwe. Ndikunama ine? Ndinamizirenji, munthu woti ndayamba n'kuvomera tchimo?

Vuto inali nalo limodzi lokha. Chiwongolero chinkakokera ku Kabwata. Ndikamapita mu tauni chinkakokera kumanzere, ndikamabwerera kunyumba chinkakokera kumanja, ndili ku Katete chinkakokera kumadzulo, kulikonse kumene ndili mphuno yake inkafuna kumeneko ngati ng'ombe yogulidwa imene ikukumbukira khola lakale. Ndinapita nayo kwa owongola mawilo osawerengeka. Ndinalimbana nacho chiwongolero chimenecho zaka zonsezo ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pa giya, mpaka dzanja lamanjalo linatalika kuposa linzake ndi zala zinayi, telala wanga wa ku Kamwala n'kumasoka mikono ya jekete yosiyana. Msewu uliwonse wodutsa pafupi ndi Kabwata ndinkaulambalala, ngakhale zitatanthauza kuzungulira tauni yonse.

Chaka chathachi maso anayamba kuchita chifunga. Shuga. Adokotala anandionetsa zilembo pakhoma, ine n'kuwerenga khoma lokhalokha, ndiye ananditcha gogo m'Chibemba n'kuti, "Ba shikulu, chiwongolero chatha." Ndinakhala sabata yathunthu ndikuiyang'ana Mbewa pawindo. Galimoto yongoima imafa msanga kuposa yoyenda: matayala amaphwa, makoswe amadya mawaya, mvula ikabwera dzimbiri limalowa. Ndinalumbira kuti mvula isanagwe ndiigulitsa, koma kwa munthu woidziwa, ndipo ine ndikalumbira ngakhale njovu igone pakhomo ndimaidumpha. Ndinalemba pa katoni ndi makala kuti ikugulitsidwa, ndinamata pagalasi la kumbuyo, n'kukaiimika kotsukira magalimoto kuja, inu mukuona.

Anabwera ambiri. Wina wa ku Kabulonga, tcheni m'khosi, anamenya tayala ndi nsapato n'kuti, "Mudala, nizachosa mipando ya kumbuyo niikemo ma sipika." Ndinamuuza kuti akagule wailesi aziyenda nayo pamutu. Wina wogulitsa zitsulo zakale mu tauni anayamba kuitchula ziwalo ili moyo, injini payokha, giya payokha, ngati wopha ng'ombe. Ameneyo Mbewa inamuponda chala yokha, ili chiimire, buleki ya dzanja ili yokoka. Munalipo, munamumva kukuwa.

Kenako anabwera amayi Mweemba a ku Woodlands, namwino wopuma ntchito amene ali ndi munda ku Chongwe. Iwowa sanafunse za wailesi. Anayala chitenje pansi, anagona chagada n'kulowa kunsi kwa galimoto, anatuluka, anasolola kachitsulo koyezera oilo n'kununkhiza, anakhoma mawilo akutsogolo ndi dzanja lawo osafunsa kuti amapotokolera kuti. Mtima wanga unati, mwini wake ndi ameneyu. Pamtengo sitinakanganepo. Ndiye anatambasula dzanja.

Sananene mwachizungu kuti "white book" ayi, anati mwaulemu, "Nione buku yoyera, ba Zulu."

Ndinawapatsa. Anavala magalasi.

"Yotamu Zulu. Ndimwe?"

"Ndi mkulu wanga. Anatisiya kale."

"Pepani. Manje administreta ni ndani?"

Ndinayang'ana matayala. Zaka zonsezi msonkho wa pamsewu ndinkalipira m'dzina la Yotamu, galimoto inkapimidwa m'dzina la Yotamu, palibe anafunsapo, ndipo ine ndinaiwala dala kuti galimoto ya munthu wakufa siisintha dzina popanda siginecha ya amene khoti linamulemba.

"Ndi mlamu wanga," ndinatero. "Ali ku Kabwata."

"Ah, pafupi chabe! Mupite basaine kalata yogulisa, mubwele na pepala ya ku khoti. Nizayembekeza mpaka pa Chisanu zuba ikalibe kungena. Pa Sabata ine sinigula olo nyeleti, ndipo pa Sondo kuli motoka inangu ku Avondale."

Paja iwo amapembedza Loweruka, ndipo Sabata lawo limayamba dzuwa likalowa Lachisanu. Pafupi chabe! Mayi ameneyo sankadziwa kuti kwa ine ku Kabwata kunali kutali kuposa ku Luapula.

Musaganize kuti ndinalapa pomwepo. Ndinayamba ndafuna njira ya chidule. Lachitatu ndinapita mu tauni, ndinaimika Mbewa mu Cairo Road pakati pa malole awiri, pothina poti ngakhale njinga siingatembenuke, mphuno italoza kumpoto, n'kukapeza bambo wina wa jekete lachikopa amene amakonza mapepala kuseri kwa mashopu. Anandimvetsera akutokosa m'mano.

"Ba mudala, iyo ni nkhani ing'ono. Nizasaina na kwanja ya chikazi, chidindo nili nacho mu thumba. Olo wakufa wamene ningamusainise."

Anatulutsa cholembera. Pomwepo kunja hutala inalira, ndipo sikunali kulira kwa hutala ayi, kunali kutsokomola kwa Yotamu, kuja ankatsokomola akafuna kundiletsa chinthu pamaso pa anthu osandichititsa manyazi. Ndinathamangira kunja, ndinapeza Mbewa itatembenuka yokha pakati pa malole aja, osakhudza ngakhale limodzi, mphuno italoza ku Kabwata, ogulitsa m'misewu atazungulira manja ali pakamwa. Bambo wa jekete ndinamusiya ndi cholembera chake m'manja.

Lachisanu m'mawa ndinatsuka Mbewa kawiri. Ndinavala suti ya kutchalitchi, ndinalemba ndekha kalata yogulitsira n'kusiya malo a siginecha, ndinaika m'thumba pamodzi ndi buku loyera. Ndinati lero asaina, agwade asagwade, anditche ba Zulu kakhumi, ine ndibwerako ndi siginecha dzuwa lisanalowe. Nditatuluka pageti ndinati, chabwino iwe Mbewa, zaka zonsezi wakhala ukukoka, lero koka, ndinachotsa manja pachiwongolero n'kuwapinda pachifuwa, galimoto inalowa yokha mu Great East Road, inaima yokha pa maloboti, inapatsa njira mayi wa mwana kumbuyo, inazungulira ma raundabauti ikuyatsa yokha nyali zokhotera, wapolisi wa pamsewu anaiimika n'kuona manja anga ali pachifuwa, anachitira sawatcha chiwongolero n'kutiuza kuti pitani, inadutsa njira zachidule zimene Yotamu yekha ankazidziwa, mpaka inakaima pansi pa mtengo wa kotapela uja, matayala ake ndendende m'malo amene inkaima kale, injini n'kuzima yokha.

Apa ndiime kaye. Abusa athu amati polapa usalowe m'nyumba mchira n'kuusiya panja. Manja anali pachiwongolero, onse awiri. Ndinayenda pang'onopang'ono ngati wonyamula mazira, maso anga a chifungawa ali pagalasi, madalaivala a minibasi akunditukwana njira yonse. Ndipo chiwongolero chija sichinakokerepo ku Kabwata ngakhale tsiku limodzi. Owongola mawilo onse ankandiuza kuti galimoto ili bwino, ine n'kumakana. Chimene chinkakoka chinali m'chifuwa mwangamu. Dzanja lamanja musabwere kudzaliyeza, n'lofanana ndi linzake. Za mvuu zokha sindibweza, inalipo.

Mlamu anali pakhonde, akusankha kapenta pa lichero. Tsitsi lonse mbuu. Anamva injini asanaione, chifukwa nditatsika ndinamupeza ataimirira kale, lichero lili pansi, kapenta atamwazika. Sanandiyang'ane ine. Anapita pa galimoto, anayendetsa dzanja pa boneti, anatsegula chitseko cha mbali yake ija n'kusuzumira. Kapilo kake ka chitenje chobiriwira, kamene ankatsamira pa maulendo a kumpoto, kanali pomwepo pampando. Sindinakachotsepo, ndinkangokachapa. Anakagwira, anakabwezera, anatseka chitseko pang'onopang'ono monga ankachitira Yotamu. Kenako anapinda bondo.

"Muli bwanji, ba Zulu."

"Ndili bwino, mulamu. Kaya inu?"

"Tiliko. Mwaisunga bwino."

Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pansi. Ndinafotokoza za maso, za makoswe odya mawaya, za amayi Mweemba ndi Sabata lawo, ndinalankhula zambirimbiri ngati mmene ndikulankhulira panomu, ndipo m'mutu ndinali nditakonza mayankho a chilichonse chimene akanandinena. Akanati ndine wakuba, yankho linalipo. Akanati tigawane, yankho linalipo. Akanaitana mwana wake Mwila, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, kuti adzandilalatire, ndinali wokonzeka. Ndinatulutsa kalata ija n'kumupatsa.

Sanaiwerenge n'komwe. Anapukuta manja pa chitenje, analowa m'nyumba, anatuluka ndi pepala la ku khoti lija, litachita chikasu m'mapindiro, ndi cholembera. Anayala kalata pabondo.

"Nisaine pati, ba Zulu? Bene bake banakamba kuti ni yanu. Ine siningasushe mau ya ba Yotamu."

Anzanga, ine ndinawoloka Luangwa pansi pa madzi. Ndinakoka maminibasi asanu ndi awiri ndi zitenje. Koma mawu amenewo anandigonjetsa. Zaka zonsezi ndinkati akudziwa kuti ndinanama ndipo akundisungira mkwiyo. Ayi. Iye anakhulupirira. Anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuganiza kuti mwamuna amene anayenda naye misewu yonse ya kumpoto, pa ola lake lomaliza, anakumbukira mng'ono wake n'kuiwala iye ndi nsomba zake. Sindinamulande galimoto yokha. Ndinamulanda mawu omaliza a mwamuna wake.

Cholembera chinali chitagunda kale kalata yogulitsira ija. Ndinaisolola pabondo pake n'kuing'amba pakati. Ndinatsika pampando, ndi suti yanga ya kutchalitchi, ndinagwada pa simenti pakati pa kapenta uja, ndinaika kiyi ndi buku loyera pamapazi ake. Lilime linalemera kuposa minibasi zonse za ku Kamwala, koma ndinalikoka, ndi kagiya kakang'ono, mpaka mawu anatuluka, ndipo ndinawanena mokweza kuti ndi a nyumba yoyandikana amve.

"Mulamu, ndinanama. Yotamu sananene kuti Mbewa ndi yanga. Anandigwira dzanja n'kuti, 'Lameki, umuphunzitse mlamu wako kuyendetsa, ulendo wa nsomba usaime.' Ndinamva bwinobwino, mawu ali onse. Anakukumbukirani inu, osati ine. Galimoto ndi yanu, inali yanu kuyambira tsiku lija. Maso anga atha, koma pakamwa palipo, ndikhoza kukhala pambali n'kumakuuzani pa giya, ngati mungandilole. Mukakana, ndibwerera pa basi ndipo sindidandaula. Ndine Kadyambewa, mulamu. Ndinadya za ana amasiye. Ndalakwa, ndikhululukireni."